Ola la Amayi

1. Malamulo a Bwana

M'nyumba mwawo munali anthu anayi, koma wolamula anali wamng'ono kuposa onse. N'chifukwa chake ankamutcha Bwana. Dzinali analiyambitsa ndi abambo mongocheza, koma linakakamira mpaka aneba anaiwala dzina lake lenileni.

Bwana anali mlongo wake wa Nsungwi, mtsikana wa kusekondale amene anatalika msanga kuposa anzake onse a m'kalasi. Mnyamatayo anabadwa wosiyana ndi ana ena. Kuchipatala anati ali ndi otizimu, ndipo anafotokoza kuti ubongo wake umamva ndi kuona zinthu mwa njira yakeyake. Mawu ake anali owerengeka. Phokoso la njinga yamoto linkamupweteka ngati akumubaya singano m'khutu. Madzi ankamwera m'kapu yobiriwira yokha, ndipo mukamupatsa ina, tsiku lonse lathera pomwepo. Ankakonda kundandalika mabatani pawindo, aakulu mbali iyi, aang'ono mbali iyo, ndipo tsoka kwa munthu wosuntha limodzi.

Abambo anali dalaivala wa galimoto zonyamula katundu. Kunyumba ankafika ngati mlendo, kugona pang'ono, n'kunyamukanso. Choncho zonse zinali pamutu pa amayi. Iwo anali telala. Kale anali ndi malo awo mumsika, koma anawasiya n'kubweretsa makina pabalaza, kuti phazi lizipalasa diso lili pa Bwana.

Chaka chapitacho amayi anakomoka ali pamakinapo. Magazi awo ankathamanga kwambiri. Anesi anawapatsa mankhwala, komanso anawalowetsa m'gulu la makolo a ana onga Bwana, limene linkakumana kuchipatala Lachinayi lililonse masana. Kumeneko ankaphunzira kukhala pansi, kupuma mpweya pang'onopang'ono, ndi kusiya maganizo kuti adutse osawathamangira.

Phindu lake linaoneka. Bwana akayamba kukuwa ndi kudzimenya, amayi anasiya kulira naye limodzi. Ankatseka makatani, n'kugwada pambali pake osamugwira, n'kumapuma mokweza, mpweya wautali kulowa, wautali kutuluka, mpaka chifuwa cha mwanayo chitayamba kutsatira chawo.

"Amayi, mukupopa tayala?" Nsungwi anawaseka tsiku loyamba.

"Eya, langa lomwe," anayankha amayi. "Linaphwa kalekale."

Kuyambira nthawi imeneyo, Lachinayi lililonse Nsungwi akaweruka ankathamangira kunyumba kukalandira Bwana kuti amayi apite ku gulu. Ankabwerako patapita ola limodzi, nkhope itamasuka, nthawi zina akuimba kanyimbo. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti ola limenelo ndi limene linkawachirikiza amayi kuti asagwenso. Nsungwi nayenso ankadziwa, ngakhale kuti nthawi yomweyo anzake ankakhala ali pabwalo akusewera mpira wamanja.

2. Chitseko chokhoma

Tsiku lina aphunzitsi a zamasewero analengeza kuti Lachinayi adzasankha atsikana okaimira sukulu ku mpikisano.

"Wosabwera asadzandilirire," anatero. "Ine sindisankha munthu chifukwa cha kutalika. Pholo la magetsi nalo ndi lalitali."

Kalasi yonse inaseka n'kucheukira Nsungwi.

Madzulo ake anakaima pafupi ndi makina a amayi ake.

"Amayi, mungajombeko ku gulu sabata ino yokha? Akusankha timu."

Amayi anaimitsa phazi. Anayang'ana ulusi kwa kanthawi.

"Mwanangu, ndipemphe china. Nsapato, diresi, chilichonse ndiyesetsa. Koma Lachinayi ayi."

"Kamodzi kokha, amayi."

"Ndikajomba kamodzi, kachiwiri sikadzavuta. Ndimadzidziwa ine."

Nsungwi anakatsuka mbale mozimenyanitsa, kuti mbalezo zimunenere zimene pakamwa pake panalephera kunena.

Tinene zoona, mtsikanayu sanali waulesi kapena wamwano. Chaka chonse anasunga mlongo wake osadandaula. Koma mpikisano uwu anaufunitsitsa, ndipo ku sukulu kwawo timu inkasankhidwa kamodzi pachaka.

Lachinayi litafika, amayi anatuluka nthawi yawo. Nsungwi anakhala pakhonde, nsapato zamasewero zili kumapazi. Kenako anaganiza chinthu chimene anali asanachitepo. Chipatala sichinali kutali ndi sukulu. Akanatha kukamusiya Bwana m'manja mwa amayi ku gulu komweko. Kodi onsewo si makolo a ana onga iyeyu? Ndani akanadabwa?

Anamuveka Bwana chipewa chake chotseka makutu n'kumugwira dzanja. Kuyenda ndi Bwana sikunali kothamanga. Ankaima pa geti iliyonse n'kuigwira, ndipo ukamukoka ankakhala pansi pakati pa msewu. Nsungwi analeza mtima, ankangomudikira n'kumayang'ana dzuwa.

Chipinda cha gulu chinali kumapeto kwa khonde lalitali, pafupi ndi potengera mankhwala. Anapeza chitseko chili chokhoma. Atasuzumira pawindo anaona mipando yosanjikizana ndi makatoni, fumbi lili mbuu.

Mayi wina amene ankakolopa khondelo anaimika mopu yake.

"Mukufuna ndani, asisi?"

"Gulu la makolo. Amayi anga ali momwemo."

"Gulu liti? Lija la Lachinayi? Linatha kalekale. Anesi amene ankaliyendetsa anawasamutsa, ndiye panalibe wolowa m'malo."

"Koma amayi anga amabwera sabata iliyonse."

Mayiyo anamuyang'ana Nsungwi, anayang'ananso Bwana, n'kubwezera mopu m'ndowa.

"Kaya, mwina ndine sindiwaona," anatero mwaulemu.

Chakusukulu kunkamveka wezulo ya aphunzitsi.

3. Kuseri kwa shopu ya amalume

Potuluka pachipatala, Bwana anakana kukhotera kusukulu. Kwa iye msewu umenewo unkapita malo amodzi okha, kwa amalume, mchimwene wawo wamkulu wa amayi, amene anali ndi shopu yometera tsitsi. Amalumewo ndi okhawo amene Bwana ankalola kuti amugwire kumutu, chifukwa ankamumeta ndi sizasi, makina atazimitsa. Anamukoka Nsungwi mpaka anakafika.

M'shopumo munali zii. Wailesi imene inkabwebweta tsiku lonse inali yozimitsa. Amalume ankameta bambo wina wachikulire mwakachetechete. Atawaona anawo, sizasi inaima m'malere.

"Mwabwera bwanji lero?" anafunsa motsitsa mawu.

Maso a Nsungwi anali pa chitseko chakumbuyo, cholowera m'kachipinda kosungiramo mathaulo. Pakhomo pake panali nsapato zakuda zopindika zidendene. Nsapato zimenezo akanazizindikira ngakhale zitasakanizidwa ndi za msika wonse.

Anapita n'kusuzumira pa mpata wa chitseko. Amayi ake anali pa mpando wakale wometera, uja unathyoka mbali imodzi. Mapazi anasanjika pa katoni, manja ali pamiyendo, maso atatsinzina. M'makutu anatsekamo thonje. Sankapemphera, sankagona, sankasoka. Ankangopuma mpweya, chifuwa chikukwera n'kutsika pang'onopang'ono. Pambali panali kapu ya tiyi amene anali asanamwe.

Amalume anamugwira paphewa n'kumubweza. Anapatsa Bwana zipeso zonse kuti azindandalika pabenchi, anapepesa kwa kasitomala, n'kutuluka ndi Nsungwi panja.

"Ndiye msonkhano wake ndi umenewu?" anafunsa Nsungwi. "Ine ndataya timu kuti amayi azidzakhala pampando?"

"Tsitsa mawu, ndipo undimvere mpaka ndimalize," anatero amalume. "Gulu litatha, mayi ako anabwera kuno akulira. Anati, 'Achimwene, ndikakanena kunyumba kuti gulu latha, Lachinayi langa lathanso.' Ndipo sankanama. Munthu akati ndikupita kumsonkhano, aliyense amamupatsa njira. Akati ndikupita kuchipatala, ena amamuperekeza. Koma mayi anene kuti ndikupita kokakhala chete, uone ngati alipo angamulole. Amufunsa kuti ntchito yatha kodi? Mwana wamusiyira ndani? Ndiye ndinamuuza kuti uzibwera kuno, mpando ulipo, wailesi ndizizimitsa.

"Iwe ukuona ola limodzi. Ine ndimaona maola ena onsewo. Mlongo wangayu chibadwire Bwana sanadyepo chakudya chikadali chotentha. Akamasamba amasiya chitseko chotsegula kuti azimva. Akagona, khutu limodzi siligona. Sapita kuukwati, sapita kocheza, anzake a kumsika anasiya n'kumufunsa komwe. Makina anga ometerawa, ndikawayatsa tsiku lonse osawapumitsa, amatentha n'kuyamba kuluma kasitomala. Munthu nayenso ndi chimodzimodzi. Zimene anamuphunzitsa anesi zija ndi zomwezo akuchita umo, kungoti alibe anzake.

"Kukunamiza anakunamizadi. Ine ndinamuuza kuti mwanayu wakula, muuze zoona, koma anachita mantha. Zimenezo ukakambirane naye iweyo, awiriwiri, chitseko chotseka. Ukamukalipire ngati ukufuna, chifukwa chake uli nacho. Mukhoza kugwirizana kuti sabata ino iwe, sabata yamawa iye. Ngakhale ine ndikhoza kutseka shopu tsiku lina n'kubwera kudzakhala ndi Bwana. Njira zilipo. Koma nkhaniyi usaitulutse pagulu, makamaka azakhali ako aja asaimve. Ukangoitulutsa sudzatha kuibweza, ndipo amene adzapwetekedwe si iwe. Wandimva?"

"Ndamva," anatero Nsungwi. Koma anangomva ndi makutu okha.

Anatenga Bwana n'kubwerera amayi asanatuluke m'kachipinda muja. Podutsa pasukulu anaona atsikana akuchoka pabwalo, ena akukumbatirana. Mnzake wina anamukuwira kuti malo ake apatsa mtsikana wa kalasi yotsika.

Amayi anafika kunyumba nkhope ili yowala monga mwa Lachinayi lililonse.

"Gulu linali bwanji lero?" anafunsa Nsungwi.

"Linali bwino, mwanangu. Zikomo pondisungira Bwana."

Apa ndi pamene Nsungwi anayenera kulankhula. M'nyumba munalibe mlendo, chitseko chinali chotseka, monga momwe amalume ananenera. Koma anangoti "Chabwino," n'kulowa kuchipinda. Mkwiyo wake analowa nawo komweko, n'kukhala nawo mpaka Lamlungu.

4. Tiyi wa Lamlungu

Loweruka abambo anabwera kuchokera ku ulendo. Lamlungu masana kunafika azakhali, mlongo wawo wamkulu wa abambo.

Azakhaliwa sanali munthu woipa mtima. Akamva kuti wina wadwala, iwo ndi amene ankayamba kufika, ndipo sankabwera chimanjamanja. Vuto lawo linali limodzi. Ankakhulupirira kuti palibe mwana wovuta, pali mayi wolekerera basi. Ana awo onse anakula omvera, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Onse anakhala patebulo akumwa tiyi ndi buledi. Bwana anali pawindo ndi mabatani ake.

"Nanga wamtaliyu watupiranji nkhope?" anafunsa azakhali. "Ndinamva kuti ukupita ku mpikisano."

"Sanandisankhe."

"Msinkhu wonsewu? Ndiye anasankha ndani, okwera pamakwerero?"

Abambo anaseka. Amayi nawonso anamwetulira pang'ono akuthira tiyi. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunamupsetsa mtima Nsungwi.

"Sindinapiteko," anatero. "Ndinali ndi Bwana. Amayi anali ku gulu."

"Usadandaule, chaka chamawa," anatero abambo. "Gulu la amayi akoli ndi mankhwala, mwanangu. Sitingalisiye."

"Gulu lake liti? Gulu linatha kalekale. Ndinapita kuchipatala, chipinda n'chokhoma. Amayi amangokakhala kwa amalume, kuseri, mapazi ali pakatoni, atatsinzina."

Tiyi anasefukira m'kapu ya azakhali n'kuyenderera patebulo amayi asanazindikire kuti akuthirabe.

Azakhali anasuntha kapu yawo. Analankhula osakweza mawu.

"Alamu, ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Ndiye mchimwene wangayu azikhetsa thukuta m'misewu usana ndi usiku kuti inu muzikatambalala kwa achimwene anu? Mwana wamkazi azitaya mwayi wake kusukulu chifukwa inu mwatopa? Tonse tinabereka, alamu. Tonse tinatopa. Ine sindinapiteko kokapuma mpweya, mpweya ndinkapumira pantchito pomwepo. Mwana ngati uyu amafuna mayi wake pafupi nthawi zonse. Ndinkanena ine kuti za magulu zimenezi zidzakuonongani, anthu ankati ndine wachikale. Ngati mwanayu wakukulirani, nenani, abale alipo. Koma kuthawa mwana wobereka wekha n'kumanamiza nyumba yonse, zimenezo ndiye ayi."

"Sindimuthawa," anatero amayi. "Ndimachokapo pang'ono kuti ndikabwera ndimupirire bwino."

Mawu awo anali otsika kwambiri moti mwina azakhali sanawamve. Onse anayang'ana abambo. Iwo ankakankha tiyi wotayika uja ndi chala, uku ndi uku.

"Bodzalo ndiye landipweteka, amake Nsungwi," anatero pomaliza. "Ine ndimauza anzanga kuti akazi anga ali m'manja mwa achipatala. Mukanandiuza."

"Mukanandilola?"

Abambo anapitiriza kukankha tiyi uja ndi chala.

Amayi anaimirira n'kukatenga nsanza yopukutira. Anapukuta tebulo lonse, ngakhale pamene panalibe tiyi.

"Chabwino," anatero. "Sindidzapitanso. Nsungwi, Lachinayi ndi lako. Pepa mwanangu, ndinakulakwira."

Nsungwi ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mayankho anali atakonza kale. Kupepesa kumeneku sanakuyembekezere. Anachita manyazi.

5. Lachinayi la Nsungwi

Abambo ananyamuka Lolemba. Lachinayi Nsungwi anatsalira pabwalo kwa nthawi yoyamba. Aphunzitsi anamulola kuti azisewera mbali yoyeserera nayo timu. Anagoletsa zigoli zambiri, anzake anamuombera m'manja, koma iye sanamve kukoma kulikonse.

Kunyumba zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Amayi anasiya kuimba. Anasoka thumba la malaya a kasitomala chozondoka, n'kuphwasula, n'kulisokanso chozondoka. Botolo la mankhwala ankaiwala pamene aliika. Bwana akakana kapu, ankangomuyang'ana ngati aiwala chimene akukanira.

Tsiku lina amalume anabwera kudzawachonderera. Nsungwi anamva ali kukhitchini.

"Mpando ukadali pomwepo. Ndani akukuletsa?"

"Achimwene, yatsani wailesi yanu," anayankha amayi.

Potuluka, amalume anakumana ndi Nsungwi pageti. Mtsikanayo anagwetsa nkhope, akudikira kuti amukalipire.

"Sindikukalipira," anatero amalume. "Wadzikalipira wekha, ndikuona. Ndikuuze chinthu chimodzi chokha. Zimene unanena patebulo paja zinali zoona, palibe anganene kuti unanama. Koma zoona zimafuna uyang'ane kaye amene wakhala pafupi. Unali ndi mlandu ndi mayi ako, iwe n'kukautula kwa anthu amene sanamunyamulepo Bwana ngakhale tsiku limodzi. Tsopano uzimuyang'anitsitsa. Anthu otopa ngati iyeyu sakuwa kuti ndikugwa. Amangoti ndili bwino, ndili bwino, mpaka mudzawapeze ali pansi. Ukaona zachilendo, undithamangire."

Lachinayi lina Nsungwi akuchokera kubwalo anamva kukuwa akadali patali. Aneba ankadula zitsulo ndi makina, ndipo phokoso lake linkalowa m'nyumba monse. Anathamanga. Bwana anali pansi akudzimenya m'mutu ndi manja onse awiri. Makatani anali otsegula. Amayi sanagwade pambali pake monga ankachitira. Anaimirira pamwamba pake, atamugwira mkono, akumugwedeza.

"Khala chete! Ndati khala chete! Ukufuna undiphe kodi?"

Atamuona Nsungwi pakhomo anamusiya mwanayo. Anayang'ana manja awo. Kenako anatsetsereka n'kukhala pansi, atatsamira mwendo wa makina.

Nsungwi anatseka mawindo ndi makatani, anamuveka Bwana chipewa chake, n'kugwada pambali pake. Anayesa kupuma monga ankachitira amayi, ngakhale mpweya wake unkadukaduka. Panapita nthawi yaitali mwanayo asanatonthole. Atatonthola anakwawira pansi pa tebulo n'kufulatira onse.

"Amayi," anatero Nsungwi, "sabata yamawa mupite kwa amalume. Mpira ndausiya. Ndinalakwa, amayi, ndikhululukireni."

Amayi anamusisita kumutu.

"Ndinakukhululukira tsiku lomwelo. Chokwiyira unali nacho. Koma kuja sindingapitenso, mwanangu. Ndayesa konkuno, Bwana akagona masana. Ndikangotsinzina ndimamva mawu a alamu anga akuti ndikuthawa mwana. Kale ndikatsinzina kunkakhala bata. Tsopano kulibe."

Nsungwi analira. Iye ankangofuna kuti amayi amveko kupweteka pang'ono, tsiku limodzi lokha, monga anamvera iye. Sankadziwa kuti ola lija lingakane kubwerera ngakhale iye mwini atalibweza.

6. Chikwama

Kukuwa kwa tsiku lija sikunathere m'nyumba. Aneba anamva, ndipo mmodzi wa iwo anakafikitsa nkhani kwa azakhali.

Loweruka m'mawa, Nsungwi akuchapa yunifolomu pakhonde, geti inatseguka. Azakhali analowa atanyamula chikwama chachikulu. Munalibe kanthu, chifukwa ankachigwira ndi zala ziwiri.

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

"Ndadzuka. Amayi ako alimo?"

Amayi anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi. Bwana anali kumbuyo kwawo atagwira siketi.

"Alamu, sindinabwere kudzakangana," anatero azakhali. "Ndalankhula ndi mchimwene wanga pafoni, ndipo wavomera. Inu mwatopa, tonse taona. Mpaka kufika pogwedeza mwana? Ndimutenga ndikakhale naye kwathu kufikira mutapeza bwino. Kwathu kuli ana ambiri, akaphunzira kukhala ngati anzake. Longedzani zovala zake."

Kwa azakhali kunali pafupi ndi depoti ya mabasi. Nyumba yawo inali yodzaza ndi zidzukulu, ndipo wailesi yakanema siinkazima. Bwana chibadwire anali asanagonepo kwina.

Nsungwi anayang'ana amayi ake, akudikira kuti akane. Amayi amene iye ankawadziwa akanaima pakhomo n'kutambasula manja. Koma anangoyang'ana chikwamacho nthawi yaitali, maso ali ofiira. Kenako anatambasula dzanja limodzi n'kuchilandira.

"Mwina mukunena zoona, alamu," anatero. "Mwina ndalephera."

Anachotsa zala za Bwana pa siketi, chimodzichimodzi, n'kulowa nacho chikwamacho m'nyumba. Posakhalitsa kunamveka kabati ya zovala ikutseguka.

Nsungwi anaimirira, thovu likuchucha m'manja. Anakaima pakhomo, pakati pa azakhali ndi mlongo wake.

"Tapatuka, mwana iwe."

"Ayi, azakhali. Nkhaniyi ndinaiyambitsa ndine, ndipo ndinainena theka. Bwana sachoka mpaka abambo amve yonse."

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anatulutsa foni yawo, anadina, n'kumupatsira m'manja onyowawo.

"Ndi awo. Lankhula."

Foni inaitana. M'nyumba amayi ankapinda zovala. Nsungwi sankadziwa poyambira. Kenako mawu a abambo anamveka, pamodzi ndi kulira kwa injini.

"Halo, achemwali. Mwamutenga kale?"